Tsiku Limene Kapitawo Anaswa

Kwathu kuno mbewa timadya, khoswe timapha, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye mundimvetse mmene ndinadabwira Loweruka lapitali nditafika kwa mlongo wanga ku Kabudula. Ndinapeza alamu anga, a Lufeyo, atagwada pakhonde, akudyetsa mtedza wokazinga makoswe awiri oyera m'kakhola ka waya. Mtedza, abale inu, umene ine mlendo sindinalaweko.

Makoswewo anabwera nawo ndi mwana wawo wa m'tauni, akuti kumeneko anthu amaweta ngati amphaka. Koma ine sindinapitire makoswe. Anandiitana monga malume. Mwana wamkazi wa mlongo wangayo, Tadala, anapeza malo ophunzira kukonza njinga zamoto ku Namitete, ndipo amayenera kukayamba Lolemba, apo ayi malowo apatsa wina. Bambo ake anali atakana kwamtuwagalu.

"Alamu, musavutike n'kulankhula," anatero a Lufeyo ndisanakhale n'komwe pansi. "Yankho lili m'kholamu. Tayang'anani."

Ndinayang'ana. Khoswe mmodzi anali wamkulu, wonenepa, ali gone pakona ngati thumba la chimanga. Ameneyo anamutcha Nabanda. Winayo anali wocheperapo koma wosakhazikika: kukwera waya, kutsika, kunyamula timapepala, kubisa mtedza, kuyesa chitseko ndi mano. Ameneyo anali Kapitawo.

"Mwaona, eti? Mwamuna ndi uyu, woyendayenda, wofufuza. Onani akumangira mkazi wake nyumba. Mkazi ndi uyo, wakhala phee, akudikira nthawi yake. Chilengedwe chimenecho, alamu. Mwana wamkazi ndi sipanala n'zosayenderana."

Ine sindine katswiri wa ziweto, koma maso ndili nawo. Nabanda atatembenuka, ndinaona kunsi kwa mchira wake katundu amene a Nabanda onse omwe ndimawadziwa alibe.

"Nanga izozo, alamu?"

"Ndi mimba imeneyo, yatsikira m'munsi. Watsala pang'ono."

"Nanga Kapitawoyu mimba yakula chonchi bwanji?"

"Munthu wogwira ntchito amadya."

Ndinati tiwanyamule tione bwino. Anakana. Akuti mkulu wa mphakati wa kutchalitchi ngati iwo sangamasuzumire kunsi kwa mchira wa khoswe ana akuona. Mlongo wanga anali chapatali akusenda mtedza, mapewa ake akugwedezeka ndi kuseka.

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Ndinatchula atsikana oyendetsa mathirakitala, ndinatchula kuchuluka kwa njinga za kabaza pamsewu wa Mchinji zomwe zikusowa wozikonza. Zonse zinkagwera pamwala. Tadala anakhala pamkeka, maso ali pansi. Ndinamumvera chisoni mwanayu, chifukwa ndi yemweyu amene amakonza wilibala ndi mpope wopopera fodya pakhomopo, bambo ake ali chiimire kumuuza mmene angagwirire.

Lamulungu m'mawa tikukonzekera kupita ku Misa, tinangomva a Lufeyo akukuwa pakhonde.

"Mayi a Tadala! Tabwerani! Zatheka!"

Tinathamangira konko. M'chisa cha mapepala chija munali tiana tofiira, topanda ubweya, tikulira mwa tswii tswii. Woyamwitsa anali Kapitawo. Nabanda anali pakona pake pomwe paja, mimba yake yotsikira m'munsi ili chomwecho, akugona tulo tabwino.

A Lufeyo anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Zinthu sizinasinthe.

"Ndiye kuti wogonayu ndi ndani?" anafunsa chapansipansi.

"Ameneyo ndi bambo wa pakhomo," anayankha mlongo wanga akumanga duku. "Ine ndinadziwa tsiku lomwe anafika. Ndaweta nkhumba zingati ine? Ndimati muyambe mwalalikira mokwanira."

Ndinaseka mpaka kutsamira chipupa. Pepani alamu, mukawerenga izi mundikhululukire.

Nditabwerera kwathu ndinafunsa kwa anthu oweta tinyama timeneti. Akuti ndi mmene zilili. Khoswe wamphongo amakula thupi, amakonda kugona ndi kusisitidwa, ubweya wake ndi wokhakhala ndipo kafungo kake kamamveka. Wathazi ndi wochepa, wosalala, koma sakhala pansi. Ndiye amafufuza pobowoka, ndiye amatuta, ndiye amaphunzira msanga kutsegula chitseko.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti amuna tonse ndife a Nabanda, ngakhale ena mukudzidziwa. Khoswe ndi khoswe, munthu ndi munthu. Chimene chandikhudza n'chakuti alamu anga ankaona makoswe aja tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi madzulo, koma sanawaone. Anayamba agamula kuti wochangamuka ndi mwamuna, kenaka chilichonse chotsutsa ankachipezera dzina lina.

Kodi si zomwe timachita m'makomomu? Mayi akadzuka m'bandakucha kukathirira nazale ya fodya, kusoka, kusankha masamba, timati akuthandiza abambo. Mtsikana akamasula tcheni cha njinga timati ndi wovuta, mnyamata akachita zomwezo timati ali ndi mutu. Ndipo tikasowa mfundo timathawira ku chilengedwe, ngati kuti chilengedwecho tinayamba tachinyamula n'kuchiyang'ana bwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ifeyo kudekha kumatisowa pa ana athu omwe.

Tsiku lija tinapita ku Misa n'kubwerako. Titafika, a Lufeyo analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chikwama chawo chachikopa, chija amapita nacho ku misonkhano ya parishi, chimene munthu wina aliyense saloledwa kuchikhudza. Anachiika pamiyendo pa Tadala.

"Uikemo zovala zako. Mawa ndikuperekeza ndekha," anatero. "Koma nkhani ya makoswe isakamveke ku Namitete."

Tadala analira. Inenso ndinayang'ana kumbali, ndisaname.

Panopa mwanayo ali ku Namitete, manja ali bii ndi girizi. Koma ndikamaganiza, mtima umandiwawa pang'ono. Mawu a mayi ake sanakwanire, a malume ake sanakwanire, ntchito za manja ake zomwe sizinakwanire. Zinatengera khoswe kuswa.

Nanga mwana wanu uja akudikira yankho pamkekayo, amulankhulira ndani?