Ankati Mwana Wanga Wapenga

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene Tiyamike anabwera ndi zotsatira za mayeso a Fomu 4. Anakhoza bwino mwana wanga, ndipo ndinavina pakhonde mpaka chitenje kumasuka. Koma nditakhala pansi n'kuyang'ana beseni langa la mandasi, ndinadziwa kuti beseni limeneli silingamufikitse patali mtsikanayu. Bambo ake anali atatisiya kale, mzimu wawo uuse mumtendere, ndipo pa Bangwe pafupifupi khomo lililonse la mumzere wathu linkagulitsa mandasi omwewo. Ndinapemphera sabata yathunthu. Kenako ndinapita kwa achemwali anga aakulu, a Esinati, amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu.

"Achemwali, ine ndikupita. Mwanayu ndamusiya m'manja mwa Mulungu ndi mwanu."

"Pita," anatero. "Koma udziwe kuti mtsikana ndi mkaka, sachedwa kusasa."

Ndinakwera basi pa Wenela ndi chikwama chimodzi ndi Baibulo. Pofika ku Joni miyendo inali itatupa ngati maungu. Mayi wina wakumpingo kwathu amene anatsogola kumeneko anandipezera ntchito yosamala agogo ena achizungu, owuma mbali imodzi. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Anthu akamakamba za Joni amakamba za mabulangete ndi mafiriji, sakamba za kuzizira kwa mu Juni kumene kumalowa mpaka m'mafupa, kapena zoti munthu umatha sabata yonse osayankhula Chichewa ndi wina aliyense. Ine ndinkayankhula ndi galu wa pakhomopo. Pomatha chaka galu uja ankamva "choka" ndi "bwera kuno" kuposa Chingerezi cha eni ake.

Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama, ndipo Tiyamike analowa sukulu ya zophikaphika ndi za m'mahotela ku Limbe. Mtima wanga unali m'malo. Ndinkamuona kale m'maganizo atavala yunifomu yoyera, akulandira alendo pahotela yaikulu m'tauni. Tsiku lina agogo aja anandipatsa foni yawo yakale, yaikulu ngati buku la nyimbo, yong'aluka pakona. Amati tabuleti. Ndinaikulunga m'bulangete n'kupatsira amatransipoti kuti mwana azionerapo zakusukulu.

Patapita miyezi ingapo, Tiyamike anayamba kunditumizira chithunzi m'mawa uliwonse. Lero mayi wosenza nkhuni, mawa minibasi yodzaza pasiteji, mkuja phiri la Mpingwe lili ndi nkhungu. Zinali zokongola zedi. Koma ine pafoni panga pankabwera zithunzi zambiri za maluwa ndi nkhunda ndi mavesi zimene amayi akumpingo timatumizirana, ndiye ndinkangoti nazonso wazitola momwemo. Ndinkayankha kuti "Amen mwanawanga" n'kupita kukasambitsa agogo. Sindinafunsepo ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chachitatu chili mkati, achemwali ananditumizira uthenga wa mawu. Ndimakumbukirabe mmene anayambira, chifukwa ndinakhala pansi m'khitchini mopu ili m'manja.

"Mng'ono wanga, limba mtima. Mwana uja mutu sukuyenda bwino. Akumatola makatoni kumsika, masaka a simenti, makoko a anyezi, nthangala za mapeyala zimene anthu ataya. Dzana anamuona akupala mwaye kunsi kwa mapoto a mayi wophika chiwaya. Ndiye chimene chandiopsa ine, akumakumba dothi kufupi ndi kumanda. Bangwe yense akukamba."

Anatumizanso chithunzi. Analidi Tiyamike, atawerama padzala la kumsika, thumba lili kumsana, manja ali psuu. Ife tonse tikudziwa kuti munthu wotola zapadzala masana dzuwa likuswa mtengo ndi munthu wotani. Ndinamuimbira nthawi yomweyo.

"Amama, ndili bwinobwino ine. Zimenezo ndi zojambulira."

"Zojambulira chiyani? Zinyalala?"

"Pafoni simungamvetse. Mukadzabwera mudzaona."

"Nanga sukulu?"

Anati, "Ndinasiya, amama."

Ndinadula foni. Ndinadzifunsa kuti kodi ndi wamisala uti anavomerapo kuti wapenga? Ndipo ndinadziimba mlandu ndekha. Ndinati ndathamangira ndalama za eni, ndikusambitsa mayi wa eni, wanga mwana akuola kumudzi.

Achemwali sanachedwe. Anati apeza mneneri wina ku Machinjiri amene amasunga anthu odwala mutu, amawamanga ndi unyolo ndi kuwasalitsa kudya mpaka chiwanda chituluke. "Anyamata awiri amphamvu alipo kale oti amugwire. Iwe ungovomera basi." Ine ndine munthu wopemphera, ndipo ndaona Mulungu akuchiritsa. Koma ndinaonaponso msuweni wathu wina atabwera kumalo otere, m'manja muli zilonda, maso ali gwa, osadziwanso dzina lake. Ndinawauza kuti, "Achemwali, pasapezeke munthu womukhudza mpaka ndimuone ndi maso angawa."

"Ukachedwa tidzamupeza akuvula pamsewu. Mwezi uno ukatha ine ndimutenga, ndisadzanenedwe kuti ndinalekerera."

Mwana wa agogo aja sanali munthu woipa, koma anandiuza mosabisa kuti ndikapita alemba wina, chifukwa mayi ake sangakhale tsiku limodzi opanda wowatembenuza. Ndinamvetsa. Agogo anandigwira dzanja ndi mkono wawo wamoyo uja, osafuna kulisiya. Ntchito ya zaka zitatu inathera pamenepo.

Sindinauze aliyense tsiku lofika. Ndinatsika pa Wenela cha m'ma leveni, kukwera minibasi ya ku Limbe, kenako ya ku Bangwe. Kondakitala anandipanikiza ndi katundu wanga pampando wakumbuyo, koma sindinadandaule, pakamwa panali pemphero lokhalokha. Nditakhota pangodya ya mzere wathu ndinaona pakhomo panga, mtima unagwa. Makatoni mulu. Masaka pachingwe. Mabotolo ndi zitini mzere kutsatira khoma.

Koma nditayandikira ndinaima. Makatoni aja anali osanjidwa, aakulu pansi, aang'ono pamwamba, atakwezedwa panjerwa kuopa chiswe. Masaka anali ochapa, oyanikidwa ndi mapegi. Botolo lililonse linali ndi kapepala kolembedwa bwinobwino: katondo, makande, mwaye, anyezi. Ndinati mumtima, Ambuye, wamisala amachapa thumba n'kuliyanika ndi mapegi?

Ndinakankha chitseko. Tiyamike anali pansi pamkeka, tabuleti ija ili pamiyendo, tsitsi loluka bwino, masaya atatuluka kuposa mmene ndinamusiyira. Anakuwa kuti "Amama!" n'kundigwera. Ndinamununkhiza ngati khanda. Ankanunkhira sopo.

Nditakweza maso ndinaona makoma. Paliponse zithunzi, zina pamakatoni, zina pamasaka okokedwa pamatabwa. Ndipo pamwamba pa wailesi panali mayi wosenza nkhuni uja.

"Ichi ndinachionapo pafoni," ndinatero.

"Ndinajambula ndine, amama. Zonse zimene munkayankha Amen zija."

Ndinakhala pampando. Mwana wanga anakhala akundionetsa ntchito ya manja ake m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri, kudikira kuti mwina mayi ake afunsa, ine n'kumangoti Amen. Ndinalira, theka manyazi, theka chimwemwe, ndipo iye ankandipukuta misozi akuseka.

Madzulo ake anandionetsa mmene amachitira. Amayamba pa tabuleti ndi kacholembera kopanda inki, kuyesa nkhope ndi mitundu, kufufuta, kuyesanso, osaononga pepala ngakhale limodzi. Zikamukhalira bwino m'pamene amatenga katoni kapena thumba n'kupaka ndi utoto wopanga yekha. Wofiira ndi katondo, wakuda ndi mwaye kapena makala otsala pambaula, wachikasu ndi makoko a anyezi owiritsa, ndipo nthangala za mapeyala zimatulutsa mtundu ngati wa m'kati mwa gwafa. Zonse amasakaniza ndi phala lamadzimadzi la chinangwa kuti zigwire. Chikauma amachijambula ndi kamera n'kuchibwezeranso mu tabuleti, kuwonjezera kuwala apa, mthunzi apo. Chimenecho ndicho amatumiza kwa anthu opanga mabuku a ana, ndi kwa mayi wina wosindikiza nsalu, ndipo amamulipira.

"Bwanji osangogula penti kusitolo ngati anzako?"

"Ndinayesa, amama. Ndi wodula, ankanditseka m'chifuwa, ndipo ndikatsuka maburashi madzi ake ankapita mungalande momwe ana a aneba athu mayi Nachisale amasewera, mpaka kudimba la mpiru kumunsi kuja. Uyu ndikamaliza ndimathirira nthochi."

Sindinganame kuti zonse zinali zokoma. Nkhani ya sukulu inandipweteka, ndipo tinakangana. Ndalama zimene ndinkatumiza atasiya kale anagulira sola yotchajira tabuleti ndi kukonzetsa denga limene linkadontha. Sanadyere mowa kapena amuna, koma anandibisira, ndipo ndinamuuza kuti bodza ndi bodza ngakhale litavala malata atsopano. Anagwada n'kupepesa. Anati ankaopa kuti ndikadziwa ndidzaona ngati kuzizidwa kwanga konse kwapita pachabe. Mwina ndikanaterodi.

M'mawa mwake ndinamupeza akudandaula ndi chithunzi china. Pamene anapaka pofiira pankasweka n'kumayoyoka. Ndinatenga dothi lake, kulifikisa m'zala, kulinunkhiza.

"Katondo uyu wamutenga kuti?"

"Pachulu cha kufupi ndi kumanda chija."

"Pamwamba?"

"Eya."

Ndinaseka. Ine ndinakulira ku Phalombe, kumene mtsikana sankatchedwa mtsikana ngati sadziwa kuzira pansi ndi kutsutsuta khoma. Khirisimasi ikamayandikira tinkapikisana kulemba maluwa ndi mizere pamakoma a nyumba ndi dothi lamitundumitundu. Nditabwera m'tauni ndinaziika kumbuyo ngati zachimidzi, ndipo sindinamuuzepo mwana wanga. Ndinati, "Wapamwamba ndi wa mchenga. Kumba mpaka chigongono chilowe. Ukabwera naye umuviike masiku atatu, umusefe pansalu, ndipo koyamba upake mopyapyala, kuume, kenako ubwereze." Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

Tili mkati mokamba, kunja kunamveka "Odi!" Anali achemwali ndi amayi atatu akumpingo, atamva kuti ndafika. Analowa mwakachetechete ngati pamaliro, Mabaibulo ali m'manja, akumuyang'ana Tiyamike cham'mbali. Anali atatha miyezi osalowa m'nyumbamo, ankaopa. Ndinawapatsa mipando moyang'anizana ndi thumba lalikulu limene linali pakhoma, lojambulidwa amayi ogulitsa tomato pamsika wa Bangwe.

Mayi Nachisale, mmodzi wa atatuwo, ndi amene anayamba. Anatsinzinira, n'kuimirira. "Iii, anthuni! Uyu si ine uyu? Duku langa lomwe!"

"Ndi inu nomwe," wina anatero. "Onani mmene mwakhalira, ngati mukukana kuchotsera mtengo."

Achemwali anayandikira pang'onopang'ono, n'kudzipeza kumapeto, atanyamula jumbo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Tiyamike. Mphuno yanga ndi yotere ine?"

"Ndi yomweyo, mayi aakulu."

"Bodza! Imeneyi ndi ya amayi akowa!"

Nyumba yonse inaphulika. Tiyamike anatenga tabuleti, kutsegula chithunzi chomwecho, kukhudzakhudza ndi kacholembera kaja, mphuno ija n'kuchepa ife tikuona. Achemwali anagwira pakamwa. "Chepetsanso pang'ono. Eya, pamenepo. Ndiye ukonzenso pathumbapo, anthu asamandione chonchi."

Tinapempherabe tsiku limenelo, chifukwa anali atabwerera pemphero, koma linasanduka lothokoza. Potuluka achemwali anandikokera pambali. Maso awo anali ofiira. "Mng'ono wanga, ndikanamumangitsa mwanayu." Ndinawauza kuti nanenso ndinatsala pang'ono kuvomera. Iwo ankaona dzala osalowa m'nyumba, ine ndinkaona zithunzi osafunsa. Tonse tinkamukonda, koma panalibe amene anakhala naye pansi.

Ku Joni sindinabwerere, ndipo masiku ena ndiwo zikavuta ndimakumbukira malipiro aja. Ndayambiranso mandasi. Koma ndimagona tulo, mwana wanga akupuma chipinda chinacho, manja ake opanda chilonda. Mulungu ameneyu ndimuyamika bwanji?

Loweruka lapitali tinapita limodzi kuchulu kuja, ine ndi khasu, iye ndi ndowa. Pobwerera tinadzera kumsika, ndipo ndinawerama padzala kutola katoni yabwino imene wina anataya. Ndinamva mayi wina wogulitsa usipa akunong'oneza mnzake kuti, "Taonani, ayambanso mayi ake. Ndi zakumtundu."

Ndinaikutumula fumbi katoni ija, n'kuisenza pamutu, ndipo ndinawapatsa moni onse awiri.