Firiji ya Keziya

Keziya ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga malemu Manase, ndipo ndamulera ndekha kuno ku Vinthukutu. Ali wamng'ono ankamasula wailesi ya atate ake n'kuyimanganso, timisomali tiwiri n'kutsala, koma wailesi n'kumalirabe. Lero ndi msilikali wa pamadzi, amakonza mainjini a maboti. Amene ankati sipanala si ya mtsikana ndimawapatsa moni mokweza.

Chaka chatha anamutumiza kukaphunzira kunja, ku nyanja ya mchere. Tsiku lina anaimba foni, mawu akudukaduka. "Agogo, andiika ku firigeti."

Ine ndinamva firiji. Ndinalengeza ku Umanyano, kwa amayi anzanga a mpingo, kenaka pa msika wa Uliwa ndinalonjeza a Hamza, eni golosale ochokera ku Mangochi, kuti firiji yawo yakufa ija yapeza sing'anga.

A Hamza anaseka mpaka kugwira kauntala. "Amama, firigeti ndi sitima yankhondo."

Anandionetsa pafoni pawo. Chinthu chotuwa, chotalika kuposa bwalo la mpira, helikopita itatera kumsana ngati ntchentche pa ng'ombe. Akuti chimaona ndege isanatulukire, chimamva zoyenda pansi pa madzi, chimatha masabata osagunda mtunda. Mtengo wa chimodzi, akutero a Hamza, mungamangire zipatala kuyambira Karonga mpaka Nsanje, mafuta ake osatchula.

Kuyambira pamenepo ndinkalima chinangwa maso ali kwina. Ndinkachiona chikudutsa pa Chilumba mwakachetechete ngati mtambo wamvula, mapiri a kutsidya akuchipatsa njira, asodzi ataimirira m'mabwato, Keziya wanga ali m'mimba mwake khutu lili pa injini.

Kenaka ndinafunsa a Hamza kuti chingafike bwanji kuno. Anati sichingafike, Shire ali ndi mathithi. Khasu linayamba kundilemera. Ngati mwana wakonda chinthu chimenechi ndipo sichingabwere, ndiye kuti iyenso sabwera. Mphepo ya mwera inanditengera Manase, chitsulo chinditengerenso uyu?

Keziya anabwera mu Juni, atanenepa masaya. Ndinamufunsa asanavule nsapato.

"Ndinaikonda, agogo, sindinama. Injini yake imayimba ngati kwaya," anatero. "Koma ife tingaidyetse chiyani? Ndipo tsiku limene bwato la adada linagubuduzika, chinkafunika n'chiyani? Kaboti kothamanga, kolira ukangokatcha. Timaboti timeneto ndiye tanga."

"Yewo, mwana wane," ndinatero. Kenaka ndinamuuza za lonjezo langa la pa Uliwa.

"Agogo, mwandigulitsa kale?"

"Ine mawu anga sagwa pansi."

M'mawa mwake tinakwera kabaza, iye atanyamula thumba la masipanala. Anagwada kuseri kwa firiji ya a Hamza mpaka masana, ine nditakhala pakhonde kuti aliyense wodutsa andione. Itayamba kung'ung'udza, ndinatseka maso. Ndinamva ngati pansi pakuyenda pang'onopang'ono, golosale yonse ikulowera pakati pa nyanja, ife tili momwemo.