Ndinkathawa Kapaipi ka Mwana Wanga

Apongozi anga ndiwo anandiyalutsa. Anauza azimayi anzawo kutchalitchi kuti mkamwini wawo, ine amene sindichedwa kuponya chibakera pa siteji ya kabaza pa Njuli, ndimaopa mwana wanga yemwe.

Mwanayo, Tadala, amapumira kapaipi kamene madokotala anamuika pakhosi, ndipo amuchita kale maopaleshoni atatu. Kapaipiko kamafunika kukachotsa makhololo pafupipafupi, apo ayi mwana amabanika. Nthawi imeneyo ikakwana ndinkaika foni kukhutu: "Eee bwana, ndikubwera!" Foniyo sinkalira ayi. Tsiku lina inali yothima, mkazi wanga akuona.

Nditamva za kutchalitchizo ndinapalasa njinga kupita kunyumba mtima utapsa, mawu okalipa nditakonzeratu. Ndinapeza mkazi wanga wapita kumjigo, khosi la Tadala likuchita kororo-kororo, apongozi atamugoneka pamkeka akusamba m'manja. Dzanja langa linalowa lokha m'thumba kufuna foni. Iwo anangoliyang'ana dzanjalo.

Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, koma ndinagwada n'kuwayang'ana.

"Amayi, munanena zoona, ndimanjenjemera. Ndisonyezeni pogwira."