Mbaula ya Diso Limodzi ya a Frackson

A Frackson Nampinga a ku Likoswe anagwira umesenjala pa boma zaka zoposa makumi awiri, ndipo ananyamula mafomu ambiri mpaka anayamba kuwakhulupirira. Koma kumudzi ankadziwika ndi kuwotcha mbuzi. Makala ankawakankhira mbali imodzi ya mgolo wodula pakati, nyama mbali inayo, n'kuvindikira. "Nyama iumve moto, isauone," ankatero. Pa ukwati uliwonse wa pachibale, miyendo ya mbuzi inkadikira iwo.

Mu 2004 kunabwera bungwe lina loteteza mitengo. Linasankha mabanja achitsanzo kuti ayese mbaula za gasi zowotchera nyama, ngati kuti chimene chinkavuta ku Likoswe ndi kuchuluka kwa nyama. Kukula kwa mbaula kunkatengera fomu. Banja laling'ono linkalandira ya diso limodzi lotulukira moto, banja lalikulu ya maso atatu, yokhala ndi chivindikiro.

A Frackson, amene anamvera boma pa nkhani ya kulera, analemba anthu anayi. Alamu awo a Vitalis, amuna a mlongo wawo Anjelina, amene pa nkhani imeneyo sanamverepo munthu, analemba khumi ndi mmodzi.

Kambaula ka a Frackson kanali kongokwana pamiyendo pa munthu wokhala pansi. Moto ponseponse pansi pake, nyama yosowa kothawira. Ya a Vitalis anainyamula anthu awiri, n'kuikhazika pakhonde moyang'ana kunjira. A Frackson anasintha njira yopitira kutchalitchi. Kenaka analembera bungwe lija kalata ya masamba atatu, yolongosola luso lawo. Yankho linafika patatha miyezi iwiri: mbaula imayendera chiwerengero cha anthu odya, pa fomu palibe mzere wa luso.

Ndiye chinafika chinkhoswe cha Doreen, mwana wa Anjelina.

"Achimwene, ulendo uno mupumeko," anatero Anjelina. "Awotcha ndi bambo a Doreen. Makina alipo."

"Alamu anawotchapo chiyani, kupatula tchire?"

"Iii, achimwene, nsanje pa ukulu wanuwo?"

Tsikulo a Frackson anakhala pa mpando wa atsibweni a mkwatibwi, atapinda manja, maso ali kukhonde. A Vitalis anayatsa maso onse atatu. Anapatsidwa atatu, azimitsirenji ena? Mafuta anayamba kudontha, malawi n'kulumpha, utsi wakuda n'kulunjika kumene kunakhala alendo a kuchimuna ochokera ku Mauwa. A Frackson anamva kukoma kumene anali asanakumvepo chipumireni ntchito.

Koma Doreen anafika kumbuyo kwawo atafunda chitenje chatsopano, n'kugwada.

"Atsibweni, apongozi anga adya makala?"

A Frackson anayesa kuyang'ana kumbali. Fungo la mbuzi yopserera silinawalole. Anadzuka.

"Tapatukani, alamu. Mukuwotcha njerwa kodi?"

"Bukhu lake likuti..."

"Bukhulo ndi limene lidye?"

Anazimitsa maso awiri, nasiya limodzi la kumapeto likuyaka pang'ono. Anapala zakuda ndi mpeni, anasunthira miyendo ya mbuziyo mbali yopanda moto, n'kutseka chivindikiro. Makinawo anamvera dzanja lawo bwino lomwe, ndipo chimenecho chinawapweteka kuposa zonse. Anaima pomwepo maola awiri, osalola aliyense kusuzumira, ngakhale mwini wake.

Nyama inatuluka yofewa yochoka yokha pafupa. Alendo anadya mwakachetechete, kenaka ankhoswe a kuchimuna anaimirira kuthokoza. Anati anadyapo mbuzi m'maukwati ambiri, koma yotere ayi, ndipo anapempha anthu kuwombera m'manja makina a bambo Vitalis. Anthu anawomba. A Vitalis anavula chipewa.

Alangizi a bungwe lija, amene anabwera osaitanidwa n'kudya kawiri, analemba mu lipoti lawo kuti banja lolandira mbaula yaikulu laonetsa luso lapamwamba, umboni wakuti kagawidwe kanayenda bwino. Za banja la a Nampinga analemba kuti likufunika maphunziro owonjezera, ndipo anawaika m'gulu lokaphunzira kwa a Vitalis Lachinayi lililonse.