Makapisozi a m'chitini changa

Ku Lulimile, m'tauni ya Lichinga, anthu amandidziwa ndi zinthu ziwiri: kukonza njinga zamoto ndi kupsa mtima. Kale panali chachitatu, chitini. Chinali cha mkaka waufa, chinkakhala pamwamba pa kabati, ndipo m'katimo munali makapisozi amitundumitundu, ofiira ndi achikasu, akuda ndi ofiira, ena oyera osadziwika dzina chifukwa mapepala ake anang'ambika kalekale.

Khalidweli sindinalitole pamsewu. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi ndili mwana, ndipo kumsasa kuja mayi anga anatiphunzitsa kuti mankhwala samaliza. Ukapatsidwa a sabata yathunthu, umwe masiku atatu, thupi likapepuka otsalawo usunge, chifukwa mawa adwala mng'ono wako ndipo kuchipatala kudzakhala kulibe kanthu. Kumeneko zinali nzeru ndithu. Tinabwerera ku Niassa ndi mphasa, mapoto awiri ndi nzeru imeneyo. Ine ndinaphunzira mpaka desima klase, kalasi ya khumi, ndiye pabairu pathu, dera lathu lonselo, ndinasanduka dotolo. Wachifuwa, wachilonda, wotsegula m'mimba, onse kwa ine. Ngakhale nkhuku zikayamba kuwodzera ndinkatsegula kapisozi n'kuthira m'madzi akumwa. Wina akafunsa ngati si bwino kupita kuchipatala, ndinkamuuza kuti apite akaime pamzere mpaka dzuwa lipendeke, koma asadzapondenso pakhomo panga.

Mkazi wanga ankadwaladwala chikhodzodzo. Akangoti pokodza pakuwotcha, ine chitini, masiku atatu, basi. Zinkatheka. Koma ulendo wina, nthawi yokumba mbatatesi itayandikira, sizinatheke. Ndinam'patsa ofiira ndi achikasu, palibe. Ndinasintha, akuda ndi ofiira, palibe. Ululu unakwera kumsana, thupi moto, iye n'kumanjenjemera m'mabulangete atatu dzuwa lili paliwombo. Mkazi amene amakuyankha usanamalize kulankhula anangoti zii. Kukhala chete kwakeko ndi kumene kunandiopsa. Ndinam'kweza panjinga, mchemwali wake atam'gwira kumbuyo, ulendo kuchipatala.

Anam'goneka, namuika botolo lamadzi lija timati soro, natenga mkodzo kuti akaupime. Masiku awiri anadutsa, mankhwala awo osagwiranso. Tsiku lachitatu m'mawa ndinapita ndekha ku laboratoriyo n'kumenya pawindo ndi kiyi wa njinga.

Anatsegula mayi wamfupi wovala mpango kumutu, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anali tekinika, wopima zinthu pamenepo, ndipo Chinyanja chake chinali cha kunyanja.

"Iwe, masiku atatu kuyang'ana mkodzo? Ine injini yonse ndimaphwasula n'kumanganso tsiku limodzi!"

"Injini simera, bambo. Tizilombo timamera, ndipo sitimva kukalipa. Mukaswa galasilo mulowa m'gulu la odwala."

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha kambale kozungulira, kodzaza ndi zinthu ngati chuku cha pa mkate. Anati n'tizilombo ta mu mkodzo wa mkazi wanga, anatidzala dala. Pamwamba pake anaikapo timapepala tozungulira, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala akeake. Pamene mankhwala akugwira, tizilombo timathawa, pamatsala bwalo loyera. Ndinayang'ana. Bwalo linali pa kapepala kamodzi kokha.

"Aka ndi makapisozi ofiira ndi achikasu aja," anatero akuloza ndi chikhadabo. "Taonani, tamera mpaka kukhudza. Kunyumba anamwapo chiyani?"

Ndinamuuza, monyada ndithu. Anafunsa masiku angati. Ndinati atatu. Anafunsa kangati pa zaka zonsezi. Pamenepo ndinayamba kuyang'ana nsapato zanga.

"Masiku atatu amapha tofooka. Tolimba timatsala n'kuswana, ana ake olimbanso. Mwakhala mukutiphunzitsa sukulu, bambo, kalasi ndi kalasi."

Ndinakuwa kuti ndalera ana anayi ndi chitini chimenecho, kuti ndinachiyamba iye asanamere mano, kuti akanakhalapo kumsasa sakanayankhula chonchi. Anthu apamzere anatembenuka. Iye anadikira ndithe, ngati mmene ine ndimadikirira injini yotentha izizire.

"Sindinati ndinu nokha. Amene amachita zimenezi ndi ambiri, ndipo mwina tizilomboti tinachokera kwa munthu wina titalimba kale. Zimenezo kambale sikanganene. Tiyeni kwa odwala, ndili ndi pempho."

Tinakapeza dotolo atasintha kale mankhwala, atalemba jakisoni wa kapepala kamodzi kaja, masiku khumi. Tekinika anakhala m'mphepete mwa bedi n'kufotokozera mkazi wanga, osati ine. Anati kachilombo kalikonse kali ndi malemba ake m'kati, amene kamalandira kwa makolo ake, ndipo kuli makina owerenga malembawo. Akawerenga amadziwa chimene chikukalimbitsa, amadziwanso abale ake: ngati kali pachibale ndi ka wodwala wa ku Assumane kapena wa ku Cuamba. Akatero amaona kumene mtundu woumawo ukuyenda, n'kuchenjeza madotolo asataye masiku ndi mankhwala osagwira. Makinawo kuno kulibe, ndiye amatumiza tizilomboto pandege ku Maputo. Ananena poyera kuti izi sizichiritsa iyeyo. Ndi za amene adzadwale pambuyo pake.

Kwathu zotuluka m'thupi sitipatsa mlendo. Tsitsi lometa timakwirira, nanji mkodzo? Ndinaimirira.

"Ayi! Za m'thupi mwa mkazi wanga zikagwidwe ndi anthu osawadziwa? Ndiponso ine mwini wake ndege sindinakwerepo, mkodzo ndiwo uyambe?"

Mkazi wanga anatsegula maso. Kanali koyamba kulankhula chiganizo chathunthu pa masiku anayi.

"Inu abambo, mkodzowo ndi wanu kapena wanga?"

Amayi a mabedi oyandikana anaseka mpaka wina kutsokomola. Tekinika anati sapita ndi mkodzo, koma tizilombo tokha, ndipo pabotolo salembapo dzina, amalemba nambala.

"Atenge mwanangu," anatero mkazi wanga. "Tandizunza mokwanira, tipite tikaone Maputo."

Madzulo ake ndinanyamula chitini n'kukachisiya pawindo paja kuti akachiwononge. Sindinapepese, sindidziwa kupepesa. Ndinangoti, "Landirani." Woyandikana nane nyumba atabwera kudzafuna makapisozi awiri a chifuwa, ndinamuuza kuti dotolo wa pano anamwalira. Mpaka lero amandipatsa moni wa theka.

Jakisoni anagwira. Tsiku lachiwiri thupi linazizira, lachitatu anadya, lachinayi ndinam'peza atakhala tsonga, chitenje chake cha kapulana m'chiuno, katundu atamanga kale.

"Mukauze anamwino andichotse chingwechi. Ndachira. Mbatatesi kumunda ku Lione zikuwolera m'nthaka, mbewa zikudya, ine ndagona pano ngati mlendo."

"Atsala masiku asanu ndi limodzi."

"Si inu mumati thupi likapepuka basi? Zaka zonsezi mwakhala mukunena zimenezo, lero mwasanduka mtumiki wa chipatala?"

Ndinachita zimene ndimachita ndikapanikizika: ndinakuwa. Ndinati akatuluka pakhomo limenelo ndim'manga pabedi ndi tcheni la njinga. Namwino anabwera akuthamanga, nati ndikakwezanso mawu andiitanira mlonda. Mkazi wanga sanagwedezeke. Munda umenewo anausamala yekha chiyambire kudzala, ndipo ndinadziwa kuti ndikangotembenuka akwera shapa, minibasi ya ku Lione. Ndinadziwanso chimene chinali pa foni ija: kapepala kamodzi. Tizilombo tikaphunzira kameneko, palibenso kena.

Ndinakhala pansi. Ndinamuuza zimenezo mmene ndinaziwonera, motsitsa mawu, chinthu chimene pa ukwati wathu wonse anachimva mwina kawiri. Kenako ndinati, "Ndikakumba ndine."

"Inu? Khasu mumalidziwa kogwira?"

"Ndiphunzira."

"Amayi, aloleni," anatero mayi wa bedi lapafupi. "Mwamuna akapempha khasu yekha sakanizidwa, sizichitika kawiri."

Mkazi wanga anamasula mfundo ya katundu uja.

Ndinatseka pogwirira ntchito panga n'kupita ku Lione, mchemwali wake atatsala kuchipatala. Khasu ndinali nditalisiya ndili mnyamata. Tsiku loyamba matuza, lachiwiri matuza anaphulika, msana ngati andimenya ndi chitsulo. Alimi a minda yoyandikana ankaima kudzaonerera makaniko wa m'tauni akutukwana nthaka. Mmodzi, bambo wachiyao wa ndevu zoyera, anandionetsa kuti khasu umalowetsa m'mbali mwa mzere, osati pamutu pa mbewu. Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Atachoka ndinachita mmene ananenera. Tsiku lililonse ndinkaimba foni kufunsa chinthu chimodzi: wabayitsa? Mchemwali wake ankati wabayitsa, ndipo akufunsa ngati mwatsala ndi zala zonse.

Masiku khumi atakwana anapimanso mkodzo. Patapita masiku awiri tinapita limodzi pawindo paja, ndipo ndinagogoda ndi chala. Tekinika anationetsa chithunzi china: kambale koyera, kopanda chomera.

"Alhamdulillah, mayi, mwatha nazo," anatero. Anatiuzanso kuti iye ndi mnzake asankhidwa kukaphunzira kuwerenga malemba aja, ndipo akuti makina ena ndi aang'ono, okwana m'chikwama, oti tsiku lina angagwire ntchito konkuno ku Lichinga. Ndinati akadzafika n'kuwonongeka abwere nawo kwa ine. Anati Mulungu asalole.

Zimene makina a ku Maputo anawerenga ndinadzazimva patapita miyezi, nditakumana naye kumsika: tizilombo ta mkazi wanga tinali pachibale ndi ta odwala ena a m'tauni muno amene sitinawaonepo, ndipo madotolo anauzidwa. Koma tsiku lija pawindo ndinalibe nazo ntchito zimenezo. Ndinkangofuna kum'tengera kunyumba.

Titafika sanalowe n'komwe m'nyumba. Analunjika pakhonde pamene ndinaunjika matumba, namasula loyamba n'kukhuthulira pansi. Anatola mbatatesi imodzi, yodulidwa pakati ndi khasu. Anatola ina, yodulidwanso. Anayamba kuziika pambali, mulu n'kumakula.

"Abambo inu! Mumakumba kapena mumasenda? Izi ndani agule? Thumba lonse mabala okhaokha!"

Mawu ake anamveka mpaka kumsewu, moti ana a oyandikana nawo anabwera kudzasuzumira pampanda. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, pakuti mawu ndinali nawo okonzeka. Kenako ndinakoka mpando, ndinakhala, ndipo ndinam'siya akalipe mpaka thumba lomaliza.