Mwezi Umene Ndinadwala Chala

Zaka zonse zimene ndakhala ndikuluka tsitsi pakhonde panga ku Chikwawa, chala chapakati cha kudzanja lamanja ndicho chinkasenza ntchito. Kenako chinayamba mwano. Ndikachipinda chinkakanirira pomwepo mpaka ndichikoke ndi dzanja linalo, n'kumveka kuti thee. Mwana wanga wamkazi anali atatsala miyezi itatu kuti akwatiwe, ndipo chibadwire mutu wake unali usanalukidwepo ndi munthu wina. Ndinavomera opaleshoni kuti pa ukwati ndidzamuluke ndekha.

Opaleshoniyo inachepa mochititsa manyazi. Anandibaya jakisoni pachikhatho, kucheka pang'ono, kusoka patatu, basi. Adokotala ananena momveka bwino kuti, "Mayi, kuyambira mawa muzichipinda ndi kuchiwongola. Mukachisiya chiuma." Ndinagwedeza mutu ngati munthu wakumva.

Koma kwathu kuno zikamveka kuti wina wachitidwa opaleshoni, anthu amabwera kudzazonda, ndipo sabwera chimanjamanja. Amayi akutchalitchi anafika ndi nthochi ndi nyimbo. Alamu anga anapalasa njinga kuchokera ku Makhuwira, nkhuku ili pakaliyala. Kenako ndinamva kuti asewere, mayi a mkamwini wanga, anyamuka ku Nsanje. Tsono ulendo wonsewo ndikanawaonetsa chiyani? Kabala konga kodzicheka posenda mbatata? Ndinakulunga bandeji mpaka m'chigongono, mkono n'kuukoleka m'khosi ndi chitenje.

"Pepani asewere, mwaona nyatwa, mavuto osaneneka," anatero atakhala pamphasa.

"Takhuta kuti mwabwera," ndinawathokoza mwachikwathu ndi mawu a munthu wotsala pang'ono kutsikira kuli chete.

Ndinene zoona, zinandikomera. Chikwatiwire palibe anali atandifunsapo ngati ndatopa. Tsopano bambo akunyumba ankapita okha kumjigo, mwana wanga n'kumandikhula kumsana. Alendo atatha, chitenjecho sindinachivule. Tsiku lina mwanayo anandifunsa kuti, "Amayi, kodi adokotala sanati muzichigwedeza chalacho?"

"Adokotalawo chalachi n'chawo?" ndinamukalipira.

Inali nyengo yotentha, ndipo kutentha kwa kuno sikusewera. Thukuta linadzaza m'bandeji muja, bala linatupa n'kuyamba mafinya. Tsiku lokachotsa ulusi ndinali nditalidumpha chifukwa kunali alendo. Nditabwerera kuchipatala, adokotala anayang'ana chitenje chija n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi mayi, munathyokanso mkono?" Ndinasowa poyang'ana. Bala linapola ndi mankhwala, koma chala chinali chitauma, chopindika pang'ono, osapita uku kapena uku. Anati chikhoza kufewa ndikalimbikira kwa miyezi, koma sanalonjeze kuti chidzabwerera mwakale.

Pamenepo mpamene ndinayamba kumvera. M'mawa uliwonse ndinkaviika dzanja m'madzi ofunda n'kumachikakamiza chalacho, misozi ili chuchuchu, ndipo ulendo uno panalibe wobwera ndi nthochi.

Kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, ndinamukhazika mwana wanga pansi n'kuyesa. Meshi inkandipulumuka. Mzere woyamba unakhota, wachiwiri unamasuka ndisanafike pakhosi. Iye anapapasa mutu wake n'kunena kuti, "Zili bwino amayi, pitirizani. Ndipita choncho." Ndinadziwa kuti akunena zoona, akanapitadi choncho pamaso pa anthu onse a ku Nsanje. Zinandipweteka kuposa chalacho.

Ndinamasula ndekha zimene ndinaluka. Kenako ndinawoloka msewu kupita kwa mayi wina woluka tsitsi, amene kwa zaka ndakhala ndikuuza anthu kuti amakoka kwambiri ndipo mizere yake siiwongoka. Ndinamupempha nditawerama. Sanandinyoze, anangotenga chipeso chake n'kunditsata.

Analuka bwino, mizere yowongoka kwabasi. Mwana wanga anatsamiritsa mutu pabondo la mayiyo tsiku lonse, ine ndili pambali kumupatsira meshi.