Zenera lakuda la Atumani

Atumani anabadwira ku Nkope, m'banja la asodzi, koma nyanja inamukana. Akakwera boti ankasanza mpaka alovi anzake anasiya kumutenga. Anayamba kukonza mawailesi pakhonde la amalume ake. Atakula anapita ku Joni monga anyamata ambiri a kuno, n'kukagwira ntchito mushopu ya mafoni ndi makompyuta. Pobwerako anakwatira Shakila wa m'mudzi mwathu, n'kukhala pachikamwini. Pamsika ali ndi kabenchi koikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni.

Anzake a ntchito imeneyi amadinadina tizithunzi pasikirini. Atumani amatsegula zenera lakuda lopanda chithunzi, n'kulembamo mawu. Analemba kapulogalamu kake ka mizere yochepa, komwe amakatcha sikiripiti. Tsiku lina ndinamufunsa ntchito yake. Anati pakokha sikachita kanthu, kamangoitana mapulogalamu ena: ina ichepetse filimu, ikamaliza ina ikopere m'foni. Anati kali ngati mwini boti amene amatsala kumtunda n'kumatuma alovi. Ndinamva.

Apongozi ake, Che Nasir, ndi amene ankaitana azana, mfuu yoitanira anthu ku mapemphero, pamzikiti wathu kuyambira ine ndikadali ndi mphamvu zokoka khoka. Chaka chatha mawu awo anayamba kutha. Ankasasa, pena kudukira pakati. A komiti ya mzikiti ananena kuti zikapitirira, ntchitoyo aipereka kwa Ahmad, mphunzitsi wa madrasa. Che Nasir analibe boti kapena munda waukulu. Ulemu wawo wonse unali pa mawu amenewo.

Zotsatirazi tinazimva pambuyo pake. Che Nasir sanapite okha kwa mkamwini, anatuma mwana wawo. Shakila anauza mwamuna wake kuti atati ali ndi azana imene wina anawajambula pafoni mawu akadali bwino, ndipo akufuna izimveka pachimkuzamawu iwo atadzitsekera m'kachipinda ka mzikiti. Atumani anakana, anati azana amaitana ndi munthu wamoyo. Shakila anamufunsa kuti nyumba imene akugonamo ili pamalo a yani. Nkhani inathera pomwepo.

Atumani anatenga laputopu yakale yothyoka chivindikiro, anailumikiza ku chimkuzamawu, n'kuibisa m'katoni kuseri kwa mikeka. Kiyi wa kachipindako anali ndi Che Nasir okha. Poyamba sikiripiti imene analembera azanayo inkadikira. Zenera lakuda linkakhala chotsegula, gogoyo akadina batani lalikulu, sikiripiti n'kuitana pulogalamu yoseweretsa mawu. Koma maso awo anali ofooka ndipo zala zinkanjenjemera. Tsiku lina anakhudza polakwika n'kutseka zeneralo. Pulogalamu imene inaitanidwa kuchokera m'zeneramo inafera limodzi nalo, azana inadukira pakati. Ife panja tinati ndi batire la sola.

Madzulo ake Che Nasir anatumiza mawu kuti zeneralo sakufunanso kuliona, ndipo sakufuna kudina chilichonse. Atumani anakonza kuti sikiripiti iziyang'ana yokha wotchi ya kompyuta, ndipo zenera analibisa kuti lisamaonekenso. Anabweza uthenga kudzera kwa mkazi wake: chinthuchi sichidziwa ngati m'kachipinda muli munthu kapena ayi, choncho tsiku limene achokapo azizula chingwe cha chimkuzamawu.

Mudzi unasangalala kuti mawu a Che Nasir abwerera. Ena anati ndi uchi ndi jinja. Amayi ankafunsa Shakila kumjigo dzina la mankhwala, kuti akapatse amuna awo. Atumani anasiya kukhala pabwalo la mzikiti mapemphero a swala akatha. Munthu akayamikira apongozi ake, iye ankawerama n'kumafunafuna nsapato zake.

Kenako kunagwa maliro a Che Bilal, mnzawo wa Che Nasir wa ku ubwana, amene anavinidwa nawo jando limodzi. Tinaswalira maliro masana n'kunyamuka. Che Nasir anali osweka mtima, anatseka kachipinda osazula chingwe. Kumanda tinachedwa chifukwa m'dzenje munapezeka mwala. Amuna onse a m'mudzi tinali pomwepo. Atumani anali ndi fosholo, apongozi ake ataima kumutu kwa manda pambali pa a Shehe, mtsogoleri wa mzikiti wathu.

Nthawi ya alasiri, swala ya chakumadzulo, itakwana, mawu a Che Nasir anamveka kuchokera kumzikiti, amphamvu, osasasa. Ena mwachizolowezi anayamba kuyankha azana chapansipansi, kenako anaona mwini mawu ali chilili pamaso pawo, pakamwa potseka. Anasiya mmodzimmodzi. Ahmad anathamangira kumzikiti koma anapeza pokiya, kiyi ali m'thumba la Che Nasir. Azana inayenda mpaka kumapeto. Palibe anayang'ana gogoyo kumaso. Onse anatembenukira kwa Atumani, poti m'mudzi muno wodziwa zinthu zotere ndi mmodzi. Iye anapitiriza kukwirira, osadzutsa mutu.

Mawa lake komiti inakhala. A Shehe analamula kuti katoniyo ibwere pakati. Pasikirini panalibe chilichonse choonetsa kuti makinawo akugwira ntchito. Anauza Atumani atulutse chimene anabisa. Anagwada, analemba mawu angapo, zenera lakuda n'kutseguka. Anafotokoza ndi mawu otsika kuti mzere uwu ukuwerenga nthawi, uwu ukudikira, uwu ukuitana choseweretsa mawu.

"Ndiye miyezi yonseyi amatiitanira ku swala ndi ndani?" anafunsa a Shehe.

Atumani analoza ndi chala. "Mzere uwu, a Shehe."

Wina kumbuyo anaseka pang'ono, n'kudzigwira pakamwa. A Shehe anafunsa kuti nzeru imeneyi inachokera kwa yani. Atumani anati inali yake, anafuna kuyesa zimene anaphunzira ku Joni, ndipo gogo anangomumvera. Anapempha kuti chilango chikhale pa iye, apongozi ake asachotsedwe.

Che Nasir anatsokomola nthawi yaitali asanayankhule. Mawu anatuluka ngati a munthu wokwinyidwa pakhosi.

"Akunama mwanayu. Anakana. Ndinamukakamiza ndine."

Anatulutsa kiyi m'thumba, anauika pamkeka patsogolo pa Ahmad, n'kutuluka. Palibe anawaitana kuti abwerere. A Shehe anauza Atumani afufute mizereyo onse tikuona. Anafufuta, anazimitsa laputopu, anaikolekera m'khwapa.

Azana tsopano amaitana Ahmad. Mawu ake ndi opyapyala, sakafika kudooko mphepo ya mwera ikamawomba, koma ndi ake. Atumani akadali pabenchi lake pamsika. Anyamata ena amabwera kudzamupempha kuti awaikire m'foni azana ya apongozi ake, n'kumaseka. Iye amangowabwezera foni.

Che Nasir sanalowenso mumzikiti wathu. Swala za masiku onse amaswalira kunyumba. Lachisanu amakaswalira ku Nkope, komwe kuli anthu ochepa owadziwa nkhope, ndipo miyendo yawo singafike kumeneko. Amawatenga panjinga yamoto ndi Atumani. Ndimawaona akudutsa pakhomo panga, mkamwini kutsogolo, gogo kumbuyo atagwira chitsulo cha mpando. Sindinawaonepo akuyankhulana.